Tsitsi Likamera

Febe ndiye anayambitsa mawu amenewa, ndipo anawanena akuseka. Linali tsiku limene Sydney anamufunsira mbeta pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya Triza, mkulu wake wa Febe, ku Nambuma. N'kuti Febe atangomaliza kumene mankhwala a khansa aja olowera m'diripi, bere lakumanzere madokotala atalichotsa, mutu uli see, wopanda ndi katsitsi kamodzi komwe.

"Tsitsi likamera mudzatume ankhoswe," anatero Febe akukonza duku. "Kodi mukufuna anthu a ku Nsaru azinena kuti mwakwatira dzungu?"

Sydney anawatenga mawuwo ngati vesi yoloweza pamtima. Anali mnyamata wa mtima wabwino, koma wosamva nthabwala ikakhudza chinthu chimene akuchifuna. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha ankatulukira pa njinga yake yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'zikope, m'thumba muli kabotolo ka mafuta a nsatsi. Ankamuvula yekha duku kuseri kwa nyumba, n'kupendeketsa mutu wa Febe padzuwa ngati mlimi woyendera nazale ya fodya.

"Likubwera," ankatero. "Apa pakuyamba kuda."

Sipankada. Mphamvu zinabwerera, Febe anayambanso kulima ndi kusenza ndowa, masaya anadzaza, nsidze nazo zinabwerako pang'ono. Koma pamutu panangomera tiubweya tapatalipatali tonga ta mwanapiye, ndipo tinaima pomwepo. Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso ina. Timabotolo tinachuluka pawindo la chipinda chake.

Ulendo wina atapita kukaonedwa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, Febe analimba mtima n'kufunsa. Dokotala wake, mayi wolankhula mosathamanga, anayamba ndi nkhani yabwino, yakuti khansa sikuonekanso paliponse. Kenako anamugwira pamutu ndi zala zozizira n'kumuuza zoona. Kwa anthu ambiri tsitsi limabwerera, koma alipo ochepa amene mankhwala aja amawaphera mizu yake, ndipo nthawi imene yadutsa ndi yaitali kwambiri.

"Ngakhale nditapaka chiyani?" anafunsa Febe.

"Ngakhale mutapaka chiyani, mayi. Pepani."

Febe anathokoza, poti ndi mmene analeredwera. M'minibasi pobwerera ankadzikalipira yekha kuti munthu wapulumuka ku manda angalirire bwanji tsitsi. Koma misozi simva kukalipiridwa. Inatsika njira yonse, mpaka mayi amene anakhala naye pampando anamufunsa kuti maliro ali kuti.

*

Sydney anabwera Loweruka ndi kabotolo kena. Febe sanalole kuti amuvule duku.

"Khalani pansi, a Sydney. Mafutawo mukawapatse ena."

"Kodi akukuyabwa? Ndamva kuti ku Kabudula kuli mayi wina amene amasakaniza ndi..."

"Silimera."

"Likungochedwa, Febe."

"Silimera, ndatero. Adokotala anena. Mizu inafa. Mmene mukundionera umu ndi mmene ndidzalowere m'bokosi."

Sydney anakhala pa njerwa, nayang'ana kabotolo kaja ngati kamunamiza. Febe anali atakonza kale mawu omumasula, akuti apite akapeze mkazi wa mawere awiri ndi tsitsi loluka, palibe mlandu. Koma asanatsegule pakamwa, Sydney anamutsogolera.

"Ndiye kuti palibenso chodikira," anatero. "Ine ndimadikira chifukwa unanena ndiwe. Sindinafunsire tsitsi ine, ndinafunsira iweyo. Mawa lomwe ndikauza atsibweni."

Febe anasangalala, tisabise. Munthu amene wakhala akudziona ngati nyumba yosasuka denga, kumva kuti wina akufuna kukhalamo, si chinthu chaching'ono. Anaseka, analira, ndipo anamulola Sydney kumugwira dzanja masanasana, anthu akudutsa pa msewu. Kenako anakumbukira.

"Nanga amayi anu?"

Apa nkhope ya Sydney inasintha. Amayi ake, a Nachisale, ankangodziwa kuti mtsikana wa ku Nambuma uja anadwalapo, basi. Anamuonako ku msonkhano wa mpingo atavala duku monga mkazi aliyense wolongosoka, ndipo anati akuoneka waulemu. Za bere sankadziwa, za tsitsi ndiye kutalitali.

"Amayi tiwauza pambuyo," anatero Sydney. "Chinkhoswe chidutse kaye. Chimwalirireni bambo, mtima wawo sufuna zodzidzimutsa. Ndikugulira wigi ku tauni, yabwino, palibe amene adzadziwe."

"Bwanji osawauza panopa, adziwe chimene akulandira?"

"Iwe amayi umawadziwa pang'ono, Febe. Ine ndinabadwa kwa iwo."

Triza ankapeta mphale pakhonde, maso ali pa lichero, makutu ali kuseri kwa nyumba. Anadikira kuti njinga ichoke.

"Mwamuna ndi wabwino uyu," anatero. "Koma akangomva dzina la amake amasanduka mwana wa sukulu ya mkaka. Awauze, mng'ono wanga. Pakadafunda padajiwitsa galu."

"Asisi, mukufuna ndimukakamize bwanji? Munthu wandilandira chonchi, ine ndiyambenso kumuikira malamulo?"

Triza anapitiriza kupeta, gaga akuuluka ndi mphepo.

*

Ku Nsaru kunali mtsikana wina dzina lake Patience, woimba m'kwaya, wa tsitsi lakelake lofika m'mapewa, lopanda chowonjezera cha m'golosale. Kwawo kunali kuyang'anizana ndi kwa Sydney. Chimwalirireni bambo a Sydney, Patience ndiye ankawatungira madzi a Nachisale, kuwazirira nyumba, ndi kuwapesa imvi pamene zinkameranso pambuyo pa kumeta kwa maliro. A Nachisale anali mayi wa Chigwirizano weniweni, wa bulauzi yoyera ndi Baibulo lokutira m'kansalu, koma lumo la makolo linadutsa ndithu pamutu pawo ataika amuna awo. Mpingo ndi mpingo, maliro ndi maliro. Ndipo sankabisa kuti akanakhala kuti mkazi wa mwana amasankhidwa ndi make, ulendo wa ku Nambuma sukanakhalapo.

Chinkhoswe chitayandikira, foni ya Febe inalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo.

"Mlamu, ndine Patience wa ku Nsaru. Amayi awo a Sydney ati ndikufunseni ngati muli naye wokulukani tsitsi pa tsikulo. Ine ndimaluka bwino, nditha kubwera."

Febe anauwerenga mobwerezabwereza, osadziwa ngati unali ulemu kapena munga. Anayankha kuti zikomo, asisi ake akonza kale zonse. Kenako anaimbira Sydney.

"Patience nambala yanga waitenga kuti?"

"Amayi anandipempha. Iwe, Patience ndi ngati mlongo wanga."

"Ngati mlongo si mlongo, a Sydney."

Sydney anaseka, namuuza kuti nsanje imamukhala bwino. Anamukumbutsa za tsiku limene anamubweretsera wigi, mmene Febe anaivalira chakumbuyo kutsogolo, onse n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Febe anasekanso pafoni, koma funso lake sanaliiwale.

"Mwawauza amayi?"

"Ndiwauza."

"Liti?"

Sydney anati foni ikuduladula, sakumva bwinobwino.

*

Tsiku la chinkhoswe linagwa mu Okutobala, dzuwa lootcha, akamvuluvulu akuvina m'minda yopanda kanthu. Anthu a ku Nsaru anafika pa lole akuimba, atanyamula tambala wofiira womanga miyendo. Kwa Febe anali atakonza thadzi loti apereke posinthana, monga zikhalira ankhoswe akagwirizana.

Pa chinkhoswe mkwatibwi satuluka ngati wopita ku msika. Amamufunditsa chitenje kuyambira kumutu, pamodzi ndi akazi ena ofunditsidwa chimodzimodzi, ndipo akuchimuna amavundukula mmodzimmodzi, akuponya kangachepe m'mbale, mpaka atapeza wawo. Ndi masewera, ndipo anthu ambiri amabwerera zomwezo.

M'chipinda, Triza anamaliza kumuveka mng'ono wake. Wigi inali yokongoladi, yakuda, yopotanapotana, yofika m'khosi. Febe atadziyang'ana pagalasi anaona mtsikana uja wakale, wa nthawi isanabwere khansa, ndipo anafuna kumupatsa moni.

"Asisi, sikugwa iyi?"

"Igwa bwanji? Kodi ukukavina chimtali? Uyende pang'onopang'ono basi."

Mphepo inamenyetsa chitseko, fumbi n'kulowa pawindo. Triza anamufunditsa chitenje, nachiyang'ana chikukupiza.

"Mphepo iyi ikuvundukula usanafike pabwalo," anatero.

Anachotsa pini pa bulauzi yake, nagwirizitsa makwinya a chitenje pamwamba pa mutu kuti chisauluke. Anachita mwachikondi komanso mofulumira, chifukwa amayi panja anali atayamba kale nyimbo. Sanaone kuti pini yaboola chitenje n'kugwiranso wigi.

"Usaope," anamunong'oneza. "Ukangomva nthungululu, umwetulire."

*

Wovundukula anali a Mathias, atsibweni a Sydney, bambo wokonda kuseketsa anthu. Anazungulira akazi ofunditsidwa aja akugwira chibwano, naponya ndalama m'mbale, nakoka chitenje choyamba. Munatuluka agogo ena opanda mano, akuchita manyazi ngati namwali.

"Awa ndi anga ine," anatero a Mathias. "Mphwanga asawayandikire."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. M'chitenje chachiwiri munatuluka mtsikana wa sukulu, amene anathawa ataphimba kumaso. A Mathias, atakomedwa ndi kuseka kwa anthu, anafika pa chitenje chachitatu, navina pang'ono, nagwira nsonga yake, n'kukoka ndi mphamvu kuti anthu aone bwino.

Choyamba chimene Febe anamva chinali mphepo pamutu.

Nthungululu inayamba n'kufera pakati. Wigi inalendewera pa chitenje m'manja mwa a Mathias ngati khwangwala wakufa, ndipo iwo anangoigwira choncho, osadziwa poiika. Mwana wina anaseka, make n'kumutsina. Febe anaima pakati pa bwalo, dzuwa likumenya pamutu pake, tiubweya tija tikuoneka bwinobwino kwa aliyense. Anafunafuna Sydney ndi maso. Anamuona m'suti yake yatsopano, atanyamuka theka pampando, koma maso ake sanali pa Febe. Anali pa amayi ake.

A Nachisale anaimirira.

"Kodi wamwalira ndani pakhomo pano?"

Anayendetsa maso pabwalo lonse, napitiriza.

"Ndafunsa. Mutu uwu ndi wa maliro. Ine ndaumeta, ndikuudziwa. Mwatiitanira chinkhoswe kapena kudzapepesa? Mwana uyu ndi namfedwa, eti? Mwamuna wake mwamuika liti, poti ife simunatiuze?"

Amayi a ku Nsaru anayamba kunong'onezana, ndipo mawu akuti malodza anayenda pamphasa kuchoka uku kufika uko. Triza anali ataima pakhomo la nyumba, dzanja lili pa bulauzi pamene panali pini, atauma ngati mtengo.

Amene anasuntha anali Patience. Anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, nadutsa bwalo lonse mosathamanga, tsitsi lake likugwedezeka m'mapewa. Anachipinda chitenjecho, namumanga Febe duku lokhala bwino, namugwira pamkono.

"Tiyeni m'nyumba, mlamu," anatero motsitsa mawu, koma moti onse anamva.

Febe anafuna kulikankha dzanjalo. Analibe mphamvu. Anayenda atatsamira pa mkazi amene ankamuopa kuposa wina aliyense pabwalopo, ndipo kumbuyo kwake anamva mayi wina akunena kuti mwana woleredwa bwino ndi ameneyo.

*

Ankhoswe anakhala pabalaza. Panali a Mathias, a Nachisale, Sydney, ndi a Abrahamu, atsibweni a Febe. Mkwatibwi salankhula pa nkhani za ankhoswe, choncho Febe anakhala pa bedi m'chipinda, pakati pawo pali katani yokha. Triza anagwada pambali pake akulira mopanda mawu.

"Ndine, Febe. Ndi pini yanga."

"Khalani chete, asisi. Ndikufuna ndimve."

A Abrahamu anafotokoza zonse zimene ankadziwa. Mwana wawo sanakwatiwepo, ndipo pakhomopo sipanagwe maliro. Inali khansa ya bere, berelo analichotsa, ndipo mankhwala ake ndi amene amathothola tsitsi. Anapepesa kuti sananene kale, ankayesa kuti mnyamata anafotokoza kwawo. Za mawu omaliza a dokotala aja a Abrahamu sankadziwa. Ankadziwa anthu atatu okha, ndipo mmodzi yekha mwa iwo ndi amene anali pabalazapo.

A Nachisale akanakhala mayi wankhanza, zinthu zikanaphweka, chifukwa munthu wankhanza umangodana naye. Koma atalankhula, mawu awo anali ofewa.

"Mwanayu wavutika," anatero. "Ndamulakwira pomutchula namfedwa pa anthu, ndipo ndikupepesa. Ife sitikumukana. Za bere sindikudandaula, bere limodzi limayamwitsa. Koma anthu aona, a Abrahamu. Mudzi wathu wonse waona mutu wometa pabwalo la chinkhoswe. Ine ndaika mwamuna, ndatsala ndi mwana mmodzi yemweyu. Kuti ndilandire thadzi lero, mutu uli choncho, mtima wanga ukukana. Mawa atadwala mwana wanga, ndidzati chiyani?"

"Tikumva, mayi," anatero a Abrahamu.

"Tambala tibwerera naye, tikamusunga. Mwanayu apume, adye bwino. Tsitsi likamera mutitumizire mawu, tidzabwera pa lole yomweyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Febe anamva mawu ake omwe aja, amene ananena akuseka pansi pa mango, akutuluka m'kamwa mwa apongozi ake. Anatseka maso.

"Mwalankhula ngati kholo," anatero a Abrahamu, mtima utakhala pansi. "Limera limenelo. Tsitsi si dzino."

Triza ananyamuka kuti atuluke. Febe anamugwira mkono mwamphamvu.

"Anene ndi a Sydney," ananong'ona. "Ali pomwepo. Anene ndi iwo."

Ndipo mpata unabweradi, woti sungabwerenso wina wotere. A Mathias, amene nthabwala zinali zitawathera, anatembenukira kwa mphwawo.

"Nanga mwini wake akuti bwanji? Sydney, lankhula. Mkazi ndi wako."

Kuseri kwa katani kunamveka mpando ukukwekwereza. Sydney anatsokomola.

"Amayi..."

"Nena, mwanawe."

Mawu ofunika anali ochepa, ndipo Sydney anali atawanenapo kale kwa Febe Loweruka lija. Sydney akanangoti silimera, amayi, ndipo ndikumufuna choncho. Kaya a Nachisale akanakomoka, kaya akanatuluka, koma Febe akanadziwa kuti ali ndi munthu.

"Mmene mwaneneramo, amayi," anatero Sydney.

Febe anausiya mkono wa Triza.

"Ndikukawauza ndekha," anatero Triza, misozi itasanduka ukali. "Asatipusitse."

"Mukanena inu, tambala uja akamudya lero lomwe," anatero Febe. "Asiyeni, asisi. Pamene akudikira, ndikadali wa munthu."

Anadziwa yekha kuti mawuwo ndi omvetsa chisoni, ndipo anachita nawo manyazi. Koma analibe ena. Lole inaliza injini, ndipo anthu a ku Nsaru anabwerera osaimba, tambala akukupiza mapiko pa miyendo ya a Mathias.

*

Mauthenga a Sydney anayamba lole isanafike n'komwe ku Nsaru.

"Ndikhululukire. Pakamwa panauma."

"Ndikanati ndinene pomwe paja, amayi akanagwa. Sunawaone mmene ankanjenjemerera."

"Ndiwauza zikazizira. Ndikulonjeza. Febe, yankha."

Febe anayankha m'mawa mwake, atabwera ku mjigo kumene amayi anamupatsa moni mokoma kuposa masiku onse, maso awo ali pa duku.

"Zizizira liti?"

"Posachedwa. Undikhulupirire."

"Ndinakukhulupirirani pabwalo paja. Munayang'ana amayi anu."

Sydney anaimba, Febe sanayankhe. Anaimbanso, Febe anayankha, ndipo aliyense ankangomva kupuma kwa mnzake. Chovuta chinali chakuti ankamukondabe. Akanakhala kuti chikondi chimathothoka ngati tsitsi, bwenzi atapumula.

Triza anatsuka wigi, naiyanika kuseri kwa bafa kumene anthu saona. Febe anamuuza kuti aiike m'sutikesi, sakufunanso kuiona. Thadzi lija analimasula, ndipo linkangoyenda pakhomo likutola chimanga ngati palibe chachitika.

*

Patapita masabata angapo, kabaza anaima pamsewu masana, ndipo anatsika Patience atanyamula kachikwama. Triza anali atapita ku chigayo. Febe anayala mphasa pakhonde, poti mlendo ndi mlendo.

"Amayi awo a Sydney andituma," anatero Patience atatha moni. Anatulutsa botolo lalikulu lodzaza mafuta akuda. "Ndi a nsatsi. Ati a kumsika amathira madzi, ndiye anatola okha nsatsi, kukazinga, kusinja, n'kuyenga okha. Ndinati ndiwathandize, anakana. Manja awo atuluka matuza. Ati muzipaka m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa."

Febe analandira botololo ndi manja awiri. Linali lolemera, lofundabe ndi dzuwa la panjira.

"Mukawathokoze kwambiri."

"Tambala ujanso akumusamala ngati mwana. Amupangira khola lakelake kuti afisi a miyendo iwiri asamuone. Tsiku lililonse amati, mpongozi wanga akachira."

Febe analowa m'nyumba, natuluka ndi chitenje cha Patience chija, chochapa ndi chosita. Anachipereka, nathokoza chifukwa cha tsiku lija, ndipo anathokoza moona, chifukwa panalibe wina amene anasuntha. Patience anachipinda bwinobwino, nachiika m'kachikwama, koma sananyamuke. Anasisita tsitsi lake kumbuyo kwa khutu, akuyang'ana pansi.

"Ine zimandimvetsa chisoni, mlamu. Mayi wamkulu ngati uja kuvutika chonchi pachabe. Poti silimera."

Febe anamuyang'anitsitsa.

"Wakuuzani ndani?"

"A Sydney." Patience anakweza maso, ali odzaza chifundo, kapena chinthu chofanana nacho kwambiri. "Anabwera kwathu tsiku lotsatira, anakhala pakhonde akulira. Anati alibe womuuza. Munthu zikamulemera amafuna pozitula, musawaimbe mlandu."

"Anakuuzani inu."

"Musadandaule, ine sindiwauza amayi. Si nkhani yanga." Anaimirira, nakonza diresi. "Pokhapokha atandifunsa okha. Ine kunama pamaso pa akuluakulu sindimatha, mlamu. Ndipo masiku ano amandifunsa zambiri."

Febe anamuperekeza mpaka pamsewu, chifukwa mlendo amaperekezedwa. Kabaza anachoka. Mawu amene Sydney analephera kunena pabalaza, pamene akanapulumutsa ukwati, anakawanena pakhonde la Patience, ndipo tsopano anali m'kachikwama ka Patience pamodzi ndi chitenje, akupita ku Nsaru.

Triza atabwera ku chigayo anapeza foni ikulira yokha pamphasa, dzina la Sydney likuwala. Anatula thumba la ufa, naitana, koma sanayankhidwe. Anamupeza Febe kuseri kwa nyumba, pansi pa mango, duku lili pamiyendo, botolo la apongozi lili chitsegulire pambali pake.

"Febe, ukutani? Ukudziwa kuti..."

"Ndikudziwa, asisi," anatero Febe, osaleka. "Koma anati m'mawa ndi madzulo."

Anathiranso mafuta padzanja, napitiriza kupaka.